Mai Marie Curie, Wopeza Radium

Mai ameneyu anabadwa ku Warsaw m'caka ca 1867, naphunzira ku Paris ali waumphawi. Mu 1898 iye ndi mwamuna wace Pierre anazindikira radium. Ndipo ataphika miyala yocuruka zaka zinai, anapezamo kambalu kosafika njere ya cimanga.

Radium iturutsa ceza cosaoneka, cimene ticicha gamma. Cipyoza thupi, nicitentha cotupa ca khansa, koma cioca ndi mnofu wabwino womwe, monga khoka la asodzi athu a ku Senga Bay silisankha nsomba. Ceza ca proton, cimene ciima m'cotupa momwemo osapitirira, cinayamba kuciza anthu mu 1954, iye sanacione.

Anagwira radium ndi manja zaka zambiri, mwazi wace nuonongeka, namwalira mu 1934. Mabuku ace akali kuturutsa ceza, ndipo awasunga m'mabokosi a mtobvu.