Karl Landsteiner: Dotolo Amene Anaonetsa Mmene Thupi Limazindikirira Tinthu Ting'onoting'ono

Pa 14 June caka ciliconse, maiko ambiri kuphatikizapo Zambia amakumbukira anthu opereka magazi. Tsikuli ndi limene anabadwa a Karl Landsteiner, dotolo wa ku Austria amene anatulukira magulu a magazi.

A Landsteiner anabadwa mu 1868, ndipo atate ao, amene anali mtolankhani, anamwalira iwo akali mwana. Atatsiriza maphunziro a udotolo ku Vienna mu 1891, anakaphunzira sayansi ya mankhwala kwa akatswiri monga a Emil Fischer ku Germany.

Mu 1901 anaonetsa kuti magazi a anthu ali m'magulu amene lero amachedwa A, B ndi O, ndiponso kuti kusakaniza magulu osagwirizana kumacititsa maselo ofiira kumatana. Nchito imeneyi inawapatsa mphoto ya Nobel mu 1930.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, umphawi wa mu Vienna unawasamutsira ku Netherlands mu 1919, ndipo pambuyo pace anapita ku Rockefeller Institute ku New York. Pa zaka zimenezi anafufuza funso lina: kodi citetezo ca thupi cimaona bwanji tinthu ting'onoting'ono ta mankhwala?

Iwo anapeza kuti kanthu kotere pakokha sikadzutsa citetezo. Koma kakamatirira ku puloteni, thupi limakazindikira ndi kukasiyanitsa ngakhale ndi kena kofanana nako kwambiri. Tinthu totere anatipatsa dzina lakuti hapten.

Mu 1942, pamodzi ndi a Merrill Chase, anatenga maselo oyera a mbira zimene khungu lao linali kutupa zikapakidwa mankhwala ena, ndi kuwaika mwa mbira zina. Mbira zolandirazo zinayamba kutupa cimodzimodzi, pamene madzi a m'magazi okha sanathe kucita zimenezi. Uwu unali umboni wakuti mbali ina ya citetezo ili m'maselo enieniwo, amene pambuyo pace anadziwika kuti maselo a T.

Mfundo yakuti kanthu kakang'ono kamafunika puloteni yokanyamula inaonekeranso mu 2012. Asayansi a ku Australia anapeza kuti puloteni ya m'thupi yochedwa MR1 imagwira tinthu timene mabakiteriya amatulutsa popanga vitamini B2, ndi kutionetsa kwa maselo a T ochedwa MAIT, amene amapezeka ambiri m'ciwindi. Popeza thupi la munthu silipanga vitamini imeneyi, tinthuto ndi cizindikiro cakuti tizilombo talowa.

A Landsteiner sanasiye kufufuza mpaka mapeto a moyo wao. Anadwala mtima ali pa nchito m'cipinda cao cofufuzira, ndipo anamwalira patapita masiku awiri, pa 26 June 1943, ali ndi zaka 75.