Irving Langmuir, Katswiri Amene Anafufuza Khungu la Zinthu

Thumba la pulasitiki la shuga, la mchere kapena la buledi limakhala ndi malembo amene safufutika ngakhale litanyowa. Chikhalirecho pulasitiki yopangira matumbawa, yotchedwa polyethylene, mwachibadwa imakana inki ndi guluu monga momwe tsamba la koko limakanira madzi. Achinyamata otsiriza sukulu amene amakafuna ntchito ku Makata, dera la mafakitale loyandikana ndi Ndirande, nkoyenera kuti amdziwe munthu amene nzeru zake zinalambula njira yogonjetsera vuto limeneli. Munthuyo ndi Irving Langmuir.

Langmuir anabadwa pa 31 Januwale 1881 ku Brooklyn, m'dziko la America. Ali mwana ankavutika maso, ndipo anayamba kuona bwino atalandira magalasi. Mkulu wake Arthur, amene anali katswiri wa kemisitiri, ndiye anamzoloweza kufunsa chifukwa cha chilichonse. Anatsiriza maphunziro a zitsulo pa yunivesite ya Columbia m'chaka cha 1903, nakatenga digiri ya udokotala ku Göttingen, m'dziko la Germany, mu 1906. Ataphunzitsa zaka zitatu pa koleji ya Stevens, analowa ntchito yofufuza pa kampani ya General Electric ku Schenectady mu 1909, ndipo anakhala komweko kufikira 1950.

Ntchito yake yoyamba inali yokhudza mababu a magetsi, amene masiku amenewo ankada msanga m'kati. Iye anapeza kuti kawaya ka tungsten kakatentha kamatha pang'onopang'ono nkumakamatirira ku galasi. Tsono mu 1913 anaonetsa kuti babu lodzazidwa ndi mpweya wosayaka limachedwa kuda ndi kupsa. Ntchito imeneyi inamphunzitsa chinthu chimene anachisunga moyo wake wonse: kuti zambiri zochitika pa chinthu zimachitikira pakhungu pake, osati m'kati mwake.

Potsata njira imene mayi wina wa ku Germany, Agnes Pockels, anaiyamba m'khitchini mwake, Langmuir ankadontheza mafuta m'thireyi ya madzi nkumayeza kufalikira kwake. Mu 1917 analongosola kuti mafutawo amayala kansalu kochindikala ngati molekyu imodzi yokha, ndiye kuti kanthu kochepetsetsa ka mafutawo. Mamolekyu onsewo amaima chilili ngati chimanga m'munda, mbali yokonda madzi ili pansi, yokana madzi ili m'mwamba. Motero kuti chinthu chinyowe kapena chikane madzi zimadalira mamolekyu a pamwamba penipeni. Chifukwa cha kafukufuku wotere analandira mphotho ya Nobel mu 1932. Pambuyo pake mnzake wa pantchito, Katharine Blodgett, anapeza njira yosanjikiza tinsalu totere pagalasi, ndipo mu 1938 anapanga galasi losanyezimira.

Mbali ina ya ntchito yake inali yokhudza mpweya umene magetsi amphamvu adutsamo. Mpweya wotere umagawika kukhala tizidutswa tonyamula mphamvu ya magetsi, ndipo umawala. Ndi umene timauona m'mphezi ndi m'nyali zazitali za chubu. Mu 1928 Langmuir anautcha dzina loti plasma, limene likugwirabe ntchito mpaka lero.

Iye mwini sanagwire ntchito pa matumba a pulasitiki, pakuti polyethylene inatulukiridwa ku England mu 1933 ndipo inafala nkhondo yachiwiri itatha. Komabe nzeru zake ziwirizi, ya khungu ndi ya plasma, zinadzakumana m'manja mwa ena. Mu 1951 injiniya wa ku Denmark, Verner Eisby, anapeza kuti pepala la pulasitiki likadutsa pansi pa timphezi ta magetsi limayamba kugwira inki. Chimachitika nchakuti plasma imadula mamolekyu a pamwamba pokha, ndipo okosijeni wa mumpweya amalowa m'malo odukawo, kotero kuti khungu lokana madzi lija limasanduka lokonda madzi, pamene m'kati mwa pulasitiki simusintha konse. Akatswiri amapitiriranso apo: m'malo odukawo amalumikizamo mamolekyu aatali a mtundu wina, monga mlimi amezanitsira nthambi ya mango okoma pa tsinde la mango a kumudzi. Umu ndi momwe timachubu tina ta kuchipatala timakhalira toterera tikanyowa.

Langmuir anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 16 Ogasiti 1957 ku Woods Hole, ali ndi zaka 76. Aphunzitsi amene amadandaula za kuchepa kwa zipangizo akumbukire kuti gawo lalikulu la ntchito yakeyi linayambira pa thireyi ya madzi ndi dontho la mafuta, zinthu zimene sukulu iliyonse ya ku Bangwe kapena ku Chilomoni ingathe kuzipeza.