Mbiri ya Howard Finster, Wokonza Njinga Amene Analalikira ndi Utoto ndi Banjo

Pakati pa mbiri za anthu amene anatsogola tifuna kuikapo ya munthu wina wa ku America, dzina lace Howard Finster, amene anamwalira m'caka ca 2001. Iye sanali wa mtundu wathu, ndiponso sanali wophunzira kwambiri. Koma bvuto limene linamsautsa tilidziwa ife tonse amene timaimirira pamaso pa anthu kuwaphunzitsa, ndilo lakuti mau olankhulidwa mamawa pofika madzulo aiwalika. Tsono tidzasimba umo munthuyu analimbanira ndi bvuto limeneli, ndi umo anapezera cakudya ca banja lace m'kulimbanako.

Kubadwa ndi kukula kwace

Finster anabadwa pa 2 Disembala 1916 ku Valley Head, m'cigawo ca Alabama, kumwera kwa United States. Anali mzungu, koma wa m'banja la alimi osauka a kumapiri, ndipo m'nyumba ya atate wace munabadwa ana 13. Sukulu anaphunzira zaka 6 zokha, naleka. Iye mwini ankasimba kuti pokhala wa zaka 3 anaona mlongo wace Abbie Rose, amene anali atamwalira, alikutsika kumwamba atabvala zoyera. Ndipo kuyambira pomwepo anadziyesa munthu wa masomphenya kufikira imfa yace. Za masomphenyawo ife sitiweruza iai. Tingosimba monga anasimba mwini wace. Pofika zaka 13 anatembenuka mtima pa msonkhano wa citsitsimutso wa mpingo wa Baptist, ndipo pa zaka 16 anayamba kulalikira. M'caka ca 1935 anakwatira Pauline Freeman, nabala naye ana 5.

Mbusa wodya za manja ace

M'caka ca 1940 anakhala mbusa wa mpingo wa Rock Bridge, ndipo pambuyo pace anaweta mipingo ina ya kumidzi. Umene anakhalitsako ndiwo wa Chelsea, pafupi ndi Menlo m'cigawo ca Georgia, kuyambira 1950 kufikira 1965. Mipingo imeneyi inali yaing'ono, anthu ace osauka, ndipo zopereka zao sizinakwane kudyetsa mbusa ndi mkazi wace ndi ana. Cifukwa cace Finster anagwira nchito za manja, monga Paulo anasoka mahema. Powerenga yekha anapeza kuti anagwirapo nchito zoposa 20: ukalipentala, kumanga ndi njerwa, kukonza mipope ya madzi, kupala mabokosi okongola a makoloko ndi kuwagulitsa, ndi zina zotere. Koma imene anadziwika nayo koposa pakati pa anansi ace ndiyo kukonza njinga ndi makina ochecha udzu.

Munda wa m'dambo

Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, alikukhala ku Trion m'cigawo comweco ca Georgia, anayamba kumanga tinyumba ndi zifanizo kuseri kwa nyumba yace, pofuna kuonetsa odutsa zinthu zimene anthu anazipanga ndi nzeru zao. Malowo atacepa, m'caka ca 1961 anasamukira ku Pennville, pafupi ndi mudzi wa Summerville, nagula malo a dambo odzala madzi ndi matope. Anakumba yekha ngalande, nathira dothi, nabzala mitengo ndi maluwa. Pamenepo anayamba kutola zimene anzace anataya: mabotolo osweka, zidutswa za mbale ndi za kalirole, mawochi akufa, zitsulo za magalimoto. Zonsezi anazimata m'simenti, napanga nazo njira ndi makoma. Ndipo mafelemu ndi magudumu a njinga zosakonzekanso anawaunjika kufikira anakhala nsanja yaitali.

Ulaliki woiwalika

Tsiku lina la Sabata, monga ankasimba yekha, pa mapemphero a madzulo anafunsa anthu ace ngati alipo wokumbukira cimene analalikira mamawa a tsiku lomwelo; ndipo m'chalici monsemo munapezeka munthu mmodzi yekha. Cimeneci cinamlasa mtima, pakuti anali atalalikira zaka zoposa 30. Tsono analingalira kuti mau a pakamwa apita ndi mphepo, koma olembedwa pa thabwa akhala pomwepo. Munthu awaona lero, mawa nawaonanso, ngakhale mlaliki ali m'tulo. Cotero m'caka ca 1965 anatula pansi ubusa, natsala ndi nchito ya njinga yokha yomdyetsa, nadzipereka ku munda wace, kulemba mau a m'Malembo pa matabwa ndi kuwapacika m'njira zace. M'caka ca 1975 nyuzi yochedwa Esquire inalemba za mundawo, niucha Munda wa Paradaiso. Ndipo dzina lakuti Paradise Garden linakhazikika kuyambira pomwepo.

Nkhope pa nsonga ya cala

M'caka ca 1976, ali ndi zaka 59, anali kupaka utoto woyera pa njinga ndi cala cace, ndipo poyang'ana nsonga ya calaco anaona ngati nkhope ya munthu m'utotomo. Namva mau akumuuza kuti ajambule zithunzi zopatulika. Iye anakana, nati sanaphunzire nchito yotere. Koma mauwo anamfunsa umo anadziwira kuti sangathe. Pamenepo anaturutsa ndalama ya pepala ya dola imodzi, naiika pa thabwa, nayamba kutsanzira nkhope ya George Washington, mtsogoleri woyamba wa dziko lao, imene iri pa ndalamayo. Kuphunzira kwace konse kwa kujambula kunali komweko.

Apa pali cinthu coyenera kuciyang'anitsa. Munthu wosauka, wa zaka pafupi 60, anatenga zipangizo zace zokonzera njinga, zimene zinamdyetsa zaka zambiri, nazimata m'simenti ya njira ya m'munda, kuti asabwererenso kwa izo. Akuru anati mapanga awiri abvumbwitsa. Iyeyu anatseka phanga limodzi ndi dzanja lace, asanadziwe ngati linalo lidzamcinjiriza ku mvula.

Magwiridwe a nchito yace

Finster anakhulupirira kuti analamulidwa kujambula zithunzi 5,000; cifukwa cace pa cithunzi ciri conse analemba nambala yace ndi tsiku lace, kawirikawiri ndi ora lomwe limene anacitsiriza. Utoto wace sunali wa akatswiri a m'mizinda, koma wa mafuta wopakira mathirakitala, wopezeka m'masitolo a kumidzi, umene susuluka msanga. Anajambula pa matabwa, pa magalasi, pa zipanda ndi pa mabotolo. M'zithunzimo munali angelo, mitambo yokhala ndi nkhope, midzi ya kumwamba, moto wa Gehena ndi nyama za mitundu mitundu. Munalinso anthu ochuka a dziko lao, monga Washington, Henry Ford wopanga magalimoto, ndi Elvis Presley woyimba. Mpata uli wonse wotsala anaudzaza ndi malemba ang'onoang'ono, mau a m'Malembo ndi macenjezo ace. Ndipo popeza sukulu yace inali yocepa, mau ambiri anawalemba molakwa, koma sanacite nazo manyazi. Ankagwira nchito usiku, nagona pang'ono pokha. Pakutha kwa 1985 anakwanitsa zithunzi 5,000 zija, koma sanaleke.

Ndalama zinadza m'njira ziwiri. Yoyamba inali ya amalonda a zithunzi a m'mizinda, monga Phyllis Kind wa ku Chicago, amene anatenga zithunzi zazikuru kukagulitsa kwa olemera ndi kwa nyumba zosungiramo za luso. Yaciwiri inali ya alendo ofika pakhomo, ofuna kanthu kakang'ono ka mtengo wocepa. Kwa amenewa anakonza timatabwa tocekedwa monga mngelo, ngamila kapena botolo. Ana ace ndi adzukuru ankaceka timatabwato potsata citsanzo cimodzi ndi kupaka utoto woyamba, ndipo iye ankajambula nkhope ndi kulemba mau. Motero nyumba yonse inadya za nchito imodziyo.

Banjo yace

Alendo aja sanangogula ndi kupita. Finster ankawakhazika pansi, natenga banjo yace, nawayimbira nyimbo za Mulungu ndi zina zopeka yekha, zina za cilangizo, zina zoseketsa. Ndipo pakati pa nyimbo ankalowetsapo ulaliki. Coyimbira cimeneci cinafika ku America ndi akapolo otengedwa ku Africa, amene poyamba anacipanga ndi cipanda cokutidwa ndi cikopa. Pambuyo pace azungu osauka a kumapiri anacilandira cikhale caocao, ca nsambo 5, imodzi yaifupi yogundidwa ndi cala cacikuru. Banjo siinamdyetse monga zithunzi. Nchito yace inali ya belu, kuitana anthu ndi kuwasunga kufikira amve.

M'caka ca 1983 anaitanidwa ku wailesi ya kanema, pa masewera a usiku a Johnny Carson, amene anaonedwa m'dziko lonselo. Ndipo mkuru wa kumudziyo anayimba banjo yace kumeneko monga ankayimbira pakhonde pace. M'caka ca 1985 a Folkways anaturutsa mbale ya nyimbo ndi maulaliki ace.

Kuchuka kwace

Zithunzi zace zinaonetsedwa ku Venice m'dziko la Italy m'caka ca 1984, pa cionetsero cacikuru ca za luso za maiko ambiri. Caka comweco gulu la anyamata oyimba lochedwa R.E.M., la ku Athens m'cigawo ca Georgia, linaika cithunzi cace pa cikuto ca mbale yao yochedwa Reckoning. Ndipo m'caka ca 1985 gulu lina, Talking Heads, linacita cimodzimodzi pa mbale yao Little Creatures. Wina angafunse, nanga mlaliki ayanjana bwanji ndi oyimba nyimbo za dziko? Kuyankha kwace kunali kwakuti acinyamata osalowa m'chalici adzanyamula okha mau a m'Malembo kupita nao kwao pamodzi ndi mbaleyo, nalipira ndalama zao pa kutero. M'caka ca 1996, pa masewera a Olympic a ku Atlanta, anajambula botolo la Coca-Cola lotalika mapazi 8. Ndiponso ndalama zitayamba kupezeka, cakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, anagula kachalici kakale koyandikana ndi munda wace, namangapo nsanja yosanjikizana ya mbali 16, popanda mapulani a pa pepala.

Kulemera kwa katundu

Tisabise kuti kuchukako kunadza ndi mabvuto ace. Ofuna zithunzi anacuruka kuposa manja a munthu mmodzi, ndipo odziwa za luso amati zambiri za m'zaka zace zotsiriza zinali zobwerezabwereza, zosafika pa zoyamba zija. Alendo anamsowetsa mpumulo, kotero kuti m'caka ca 1991 anacoka pa mundawo, nakakhala m'nyumba ina ku Summerville. Munda umene anauumitsa ndi thukuta lace unayamba kubwerera ku matope. Matabwa anaola, ndipo zinthu zina zinagulitsidwa. M'caka ca 1994 nyumba yosungiramo za luso ya High Museum ku Atlanta inatenga zigawo zina za mundawo kuti zisaonongeke. Tinenenso kuti m'zolemba zace muli maganizo ena acilendo, monga akuti iye anali mlendo wocokera ku dziko lina la kumwamba, ndi a zombo zouluka za kumeneko. Amenewa anali aceace, ndipo sitiwapereka kwa inu monga ciphunzitso.

Anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 22 Okutobala 2001 ku Rome, mudzi wa m'cigawo ca Georgia, ali ndi zaka 84, atajambula zithunzi zoposa 46,000. M'caka ca 2011 boma la Chattooga, m'mene muli Pennville, linagula mundawo, ndipo m'caka cotsatira inayamba nchito ya kuukonzanso.

Cimene titengapo

Sitinena kuti yense wa ife ataye khasu kapena coko cace ndi kugula utoto. Pakuti Finster mwini anadyetsa ana ace ndi njinga ndi matabwa zaka zambiri asanajambule kanthu, ndipo pamene anamata zipangizo zace m'simenti anawo anali atakula. Koma ici ticisunge: munthuyu anali ndi mtima wa kufunsa anthu ace cimene anamva, ndipo atapeza kuti aiwala sanawakalipire, koma anasanduliza njira yace. Sanadikire zipangizo zabwino kapena maphunziro apamwamba. Anatenga utoto wa thirakitala, matabwa otsala, mabotolo osweka ndi banjo, zimene zinali pafupi ndi dzanja lace. Tsono inu aphunzitsi ndi akatekisi, ndi inu akuru ndi amai a mumpingo, Sabata likudzali madzulo tiyeseko kufunsa funso lomwe lija. Akapezeka wokumbukira mmodzi yekha, tisapse mtima; tiyang'ane cimene ciri m'manja mwathu.