Alfred Binet ndi Ana Otsalira m'Kalasi

M'kalasi iliyonse mumapezeka mwana amene anzake amamsiya m'mbuyo. Mphunzitsi akatopa naye amamkhazika kumbuyo namutcha mbuli, ndipo dzinalo limamkanirira mpaka tsiku losiya sukulu. Alfred Binet, katswiri wa ku France wa za maganizo a munthu, anathera zaka zomaliza za moyo wake pa ana otereŵa. Nchifukwa chake mbiri yake njofunika kwa inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi.

Binet anabadwira ku Nice mu 1857. Anaphunzira za malamulo, koma ntchitoyo sinamkomere, motero anayamba kudziŵerengera yekha mabuku a za maganizo ku Paris. Mu 1883 anayamba kufufuza pa chipatala cha Salpêtrière, motsogozedwa ndi dokotala wotchuka Jean-Martin Charcot. Kumeneko iye ndi mnzake Charles Féré analengeza kuti maginito amatha kusintha zochita za odwala amene agonekedwa tulo tochita kupangitsa. Joseph Delboeuf wa ku Belgium atadzaona yekha, anapeza kuti odwalawo ankangochita zimene anadziŵa kuti oyesawo akuyembekezera. Binet anakana kwa kanthaŵi, koma pomaliza anavomera kuti analakwa. Manyazi ameneŵa anamphunzitsa kuti woyesa amene wagamuliratu mumtima mwake amapeza chimene afuna kupeza.

Atachoka pa chipatalapo anaika mtima pa ana ake aakazi aŵiri, Madeleine ndi Alice. Anaona kuti wina ankafotokoza zinthu monga momwe zilili, pamene mnzake ankakonda kulingalira ndi kupeka. Onse aŵiri anali anzeru, koma nzeru zawo sizinkayenda njira imodzi. Binet anayesaponso kupima mitu ya ana a sukulu, poti akatswiri ena a masiku amenewo ankati mutu waukulu ndiwo nzeru, koma kusiyana kumene anapeza kunali kochepa kwambiri, ndipo njirayo anaitaya.

Kuyambira mu 1882 lamulo la France linkakakamiza mwana aliyense wa zaka 6 mpaka 13 kuti aphunzire. Chotero m'makalasi munaloŵa ana ambiri amene kale akadangokhala kunyumba, ndipo ena sankatha kutsatira maphunziro. Mu 1904 boma linakhazikitsa bungwe loona za ana otere, Binet ali mmodzi wa m'bungwemo. Nkhaŵa yake inali yakuti, popanda muyeso wolongosoka, mphunzitsi angachotse mwana wamphulupulu pomnamizira kuti ngoperewera nzeru.

Mu 1905 Binet ndi dokotala wachinyamata Théodore Simon anatulutsa muyeso wa tintchito 30, toyambira pa tosavuta: kutsatira ndi maso machesi oyaka, kutchula zinthu za pa chithunzi, kubwereza manambala, kusiyanitsa cholemera ndi chopepuka. Mu 1908 anatisanja tintchitoto molingana ndi zaka. Mwana wa zaka 3 ankafunsidwa kuloza mphuno, maso ndi pakamwa. Wa zaka 5 kukopera chithunzi cha mbali zinayi zofanana ndi kuŵerenga makobiri anayi. Wotsalira kwambiri pa msinkhu wake ndiye ankayenera chithandizo chapadera.

Komabe Binet sanalole kuti muyesowo ugamule wokha. Anafuna kuti aphunzitsi aone ntchito ya mwanayo ya m'kalasi, ndiponso kuti dokotala ampime m'thupi, pakuti mwana wosamva kapena wosaona bwino amaoneka ngati wogona. Anasiyanitsanso mwana wochedwa kumva zinthu ndi mwana wosakhazikika, amene nzeru ali nazo koma satha kutchera khutu kwa nthaŵi yaitali.

M'buku lake la mu 1909 anadzudzula aphunzitsi okhulupirira kuti nzeru za munthu sizikula. Anakumbukira kuti iyenso, ali mnyamata, womuyesa mayeso wina anamuuza kuti sadzatha konse maphunziro akuya. Anapempha kuti ana otsalira aphunzitsidwe m'makalasi a ana ochepa, ndi kuti asanapanikizidwe ndi kuŵerenga ayambe aphunzira kumvetsera. Ena mwa maseŵera ake anali kuima chilili osagwedezeka mphunzitsi akapereka chizindikiro, ndi kukumbukira zinthu zimene aziona kwa kamphindi.

Binet anamwalira ku Paris mu 1911, ali ndi zaka 54. Muyeso wake unapita kumene mwini wake sanafune. Ku America, Henry Goddard anaugwiritsa ntchito posankha anthu oti apatulidwe m'nyumba zapadera, poganiza kuti kupereŵera nzeru nkwakumtundu ndipo sikusintha. Mu 1916 Lewis Terman wa ku Stanford anaukonzanso, ndipo nambala imodzi yotchedwa IQ inayamba kutsata ana ngati dzina.

Inu mukadzapatsidwa kalasi, mwina simudzakhala ndi muyeso wa Binet, koma mudzayesa ana tsiku ndi tsiku ndi maso anu ndi choko chanu. Musanaŵeruze mwana wotsalira, yambani mwaona ngati akumva, ngati akuona pa bolodi, ngati wadya. Lembani zimene akutha, osati zimene akulephera zokha, ndipo muyambire pamenepo pomphunzitsa. Vuto likaposa nzeru zanu, kambiranani ndi makolo ake kuti apite naye kuchipatala.