David Gill: Wokonza mawotchi amene anajambula mwezi

M'gawo lino muwerenga mbiri ya David Gill, katswiri wa za nyenyezi amene anagwira ntchito ku South Africa kwa zaka 27. Pamene mukuwerenga, sungani funso ili m'mutu: kodi luso limene munthu wamkulu ali nalo kale lingamuthandize bwanji kuphunzira chinthu chatsopano?

Gill anabadwa pa 12 Juni 1843 mumzinda wa Aberdeen ku Scotland. Bambo ake anali ndi bizinesi ya mawotchi, ndipo iye pokhala mwana wamwamuna wamkulu anayenera kudzaitenga. Anaphunzirako pa koleji ya Marischal, kumene anamvera maphunziro a James Clerk Maxwell, koma digiri sanatenge ayi. Anapita kukaphunzira kupanga mawotchi, kenaka n'kulowa m'sitolo ya bambo ake.

Masana ankagulitsa mawotchi, usiku ankayang'ana kumwamba. Anagula galasi lalikulu la telesikopu la mainchesi 12, chipangizocho n'kuchiimika m'munda wa pakhomo. Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1860 anajambula nacho chithunzi cha mwezi chooneka bwino kwambiri.

Mwina mukuti, nanga chovuta n'chiyani pamenepa? Si lero mwana aliyense amangoloza foni kumwamba? Taganizirani mavuto awiri awa. Loyamba, dziko limazungulira, choncho mwezi sukhazikika malo amodzi mu telesikopu. Mukachedwa pang'ono, chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino. Telesikopu imafunika makina oti aziitembenuza pang'onopang'ono kutsatira mwezi, ndipo makina amenewo ndi wotchi basi. Apa Gill anali pakwawo. Vuto lachiwiri linali kutsuka chithunzi. Ojambula a masiku amenewo ankapaka mankhwala pagalasi, kuliviika m'madzi a siliva, kujambula lidakali lonyowa, n'kulitsuka mumdima lisanaume. Zonsezi zinkayenera kutha m'mphindi zochepa chabe. Dzanja lozolowera timawilo ting'onoting'ono ta wotchi silinkavutika ndi ntchito yofuna kusamala chotere.

Luso lakelo linamveka kwa Lord Lindsay, munthu wolemera amene ankamanga malo akeake oonera nyenyezi ku Dun Echt. Mu 1872 anamupempha Gill kuti akayang'anire malowo. Apa panali poganiza. Gill anali atangokwatira Isobel Black mu 1870, ndipo malipiro a ntchito yatsopanoyo anali ochepa poyerekeza ndi phindu la bizinesi. Komabe anavomera. Mu 1874 anapita ku Mauritius kukaona Venus akudutsa kutsogolo kwa dzuwa, ndipo mu 1877 iye ndi mkazi wake anakhala miyezi ingapo pachilumba cha Ascension akuyeza malo a Mars pofuna kudziwa mtunda wa pakati pa dziko ndi dzuwa. Mu 1879 anasankhidwa kukhala mkulu wa Royal Observatory ku Cape Town.

Mu 1882 kunaoneka nyenyezi ya mchira yowala zedi. Gill anamangirira kamera wamba ya wojambula zithunzi wina wa ku Cape Town pa telesikopu, n'kuisiya yotsegula nthawi yaitali, mwina kupitirira ola, uku makina akutsatira nyenyeziyo. Atatsuka magalasi aja anapeza kuti kumbuyo kwa nyenyezi ya mchira kwatuluka nyenyezi zina zambirimbiri. Pomwepo anazindikira kuti kamera ikhoza kupanga mapu a kumwamba mofulumira kuposa diso la munthu loyeza nyenyezi imodziimodzi.

Si onse anagwirizana naye. Akatswiri ena ku England sankaikhulupirira njirayi, ndipo mu 1887 thandizo la ndalama lochokera ku Royal Society linaima. Gill anapitiriza ntchitoyo ndi ndalama za m'thumba mwake. Mnzake Jacobus Kapteyn wa ku Groningen, m'dziko la Netherlands, analibe telesikopu, koma anadzipereka kuyeza magalasi otumizidwa kuchokera ku Cape Town, kadontho ndi kadontho, kwa zaka zoposa khumi. Zotsatira zake zinasindikizidwa pakati pa 1896 ndi 1900 m'mabuku atatu otchedwa Cape Photographic Durchmusterung, momwe muli nyenyezi zoposa 450,000. Mwaonatu, kujambula kunali chiyambi chabe. Ntchito yaikulu inali yokhala pansi ndi chithunzicho n'kuchiwerenga.

Gill sanaiwale kumene anachokera. Mu 1896 analemba ntchito Robert Innes, munthu wogulitsa vinyo ku Sydney amenenso anadziphunzitsa yekha za nyenyezi. Mu 1903 Innes anakhala mkulu wa malo atsopano oonera nyengo ku Johannesburg, amene pambuyo pake anasanduka oonera nyenyezi. Kumeneko mu 1915, poyerekeza zithunzi zojambulidwa zaka zosiyana, anatulukira Proxima Centauri, nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu. Inu amene mumaphunzitsa ku Ekurhuleni, monga ku Germiston kapena ku Edenvale, dziwani kuti dera la Observatory kumene izi zinachitikira lili pafupi nanu. Gill anachoka ku Cape Town mu 1906, ndipo anamwalira ku London pa 24 Januwale 1914.

Tsopano tibwere m'kalasi mwanu. Ophunzira anu achikulire ndi atelala, amakanika, azimayi a geni, alonda. Aliyense wabwera ndi wotchi yake, titero kunena kwake. Musayambe ndi zimene sadziwa, yambani ndi zimene manja ake amazichita kale.

Ntchito yoti muchite

1. Sankhani madzulo opanda mitambo pamene mwezi ukuoneka theka. Nthawi imeneyi zithunzithunzi za mapiri ndi maenje a pamwezi zimaoneka bwino m'malire a kuwala ndi mdima, kusiyana ndi pamene mwezi uli wathunthu.
2. Tsamiritsani magalasi oonera patali pa mpanda kapena pa tebulo kuti asagwedezeke. Gundanitsani kamera ya foni pamalo oikapo diso, ndipo chepetsani kuwala kwa kamerayo chifukwa mwezi umawala kwambiri.
3. Jambulani zithunzi zosachepera 20. Mpweya umagwedeza chithunzi, choncho zina zidzatuluka bwino kuposa zina. Ophunzira asankhe okha zabwinozo ndipo afotokoze chifukwa chake. Ngati muli ndi kompyuta, pulogalamu yaulere monga RegiStax imasanjikiza zithunzi zambiri n'kutulutsa chimodzi chooneka bwino.
4. Wophunzira aliyense alembe ziganizo zitatu: tsiku, nthawi, ndi zimene waona.
5. M'buku lanu la zolemba, yankhani: ndi luso liti la ophunzira anu limene simunaligwiritsepo ntchito pophunzitsa kuwerenga ndi kulemba?