Samuel Ntara, mphunzitsi amene ankafunsa nkhalamba

Ine ndine mlimi wa kuno ku Nsadzo, sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye mukaona polakwika mundikhululukire.

Mwezi wathawu mwana wa achemwali anga anabwera kuchokera kusukulu nkhope ili yakugwa. Aphunzitsi anawapatsa ntchito yolemba mbiri ya Amaravi, makamaka ya Undi, koma m'buku lake la Chipwitikizi nkhaniyo ili timizere towerengeka basi. Anadzandifunsa ine monga atsibweni ake, ine kukamwa yasa! Manyazi atandigwira ndinakatsegula sutikesi ya malemu bambo n'kutulutsamo buku long'ambika chikuto limene anabwera nalo kuchokera ku Malawi mu 1994, pobwerako kothawa nkhondo. Bukulo ndi Mbiri ya Achewa, ndipo amene analilemba ndi amene ndikufuna ndikuuzeni lero.

Dzina lawo ndi Samuel Josia Ntara, ena amalemba kuti Nthara. Anabadwa pa 24 September 1905 m'dziko limene lero ndi Malawi. Anaphunzira m'sukulu za mishoni ya Dutch Reformed, ija ya ku Nkhoma, ndipo atamaliza anakhala mphunzitsi. Sanapite ku yunivesite ayi.

Kutchuka kwawo kunayamba ndi mpikisano. Bungwe lina la ku London loona za ziyankhulo za mu Africa linkapereka mphoto kwa Aafirika olemba mabuku m'chiyankhulo chawo. A Ntara analemba Nthondo, nkhani ya mnyamata wovuta amene anakula ndi kuba, n'kupita kutali kokagwira ntchito, koma pamapeto pake n'kudzakhala mfumu ya mudzi ndi kutembenuka mtima. Anapambana. Bukulo linatuluka mu 1933, ndipo chaka chotsatira m'mishonale wa ku Scotland, Thomas Cullen Young, analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Tangoganizani, mphunzitsi wa kumudzi kuwerengedwa ku Ulaya masiku amenewo!

Koma ine chimene chimandigwira mtima ndi Mbiri ya Achewa, imene inayamba kusindikizidwa ku Nkhoma chapakati pa zaka za m'ma 1940. Nthondo anaipeka m'mutu, koma mbiri sungapeke. Nanga akanakopera kuti? Makolo athu sanasiye makalata. Mbiri inali m'kamwa mwa mafumu ndi nkhalamba, ndiye a Ntara anayenera kukhala pansi, kufunsa, kumvetsera ndi kulemba. Amene anayesapo kufunsa agogo nkhani yakale akudziwa kuvuta kwake. Nkhalamba sikuuza chaka, imangoti nthawi ya njala ija, kapena Angoni asanabwere. Ukafunsa a mudzi uno akweza mfumu yawo, ukawoloka mtsinje akuuza kuti ajawo anali obwera. Ngakhale mlandu wa malire a munda, umene ndi wadzulodzuloli, timakangana tsiku lathunthu pabwalo. Nanga nkhani ya zaka mazanamazana?

M'bukumo muli za kubwera kwa makolo athu kuchokera kumpoto, za Kaphirintiwa, za Makewana wa ku Msinja wopempha mvula, za a Phiri ndi a Banda, za Kalonga ndi mafumu amene anagawana dziko monga Undi, Mkanda ndi Mwase wa ku Kasungu. Mtsikana uja ankawerenga mokweza pakhonde, amayi ake akutong'ola chimanga, ndipo atafika pa Undi onse anasiya ntchito. Paja likulu la Undi, Mano, linali mbali yathu ino ya Tete, chakufupi ndi mtsinje wa Kapoche. Ku Zambia mfumuyi inasamukira m'zaka za m'ma 1930, nthawi ya Apwitikizi. N'chifukwa chake mwezi wa August timawoloka malire pa Cassacatiza kupita ku Mkaika, ku Katete, kukalamba kwa Gawa Undi.

Ndinene chilungamo, sikuti bukuli ndi lopanda banga. A Ntara anali munthu wa mishoni, ndipo ankaona zinthu ali tsidya la ku Malawi. Ine powerenga ndimaona kuti za midzi ya kuno n'zochepa, za kwawoko ndiye mbwee. Sindiwadzudzula, munthu amalima pamene khasu lake lafika.

Sanalekere pomwepo. Mu 1949 anatulutsa mbiri ya Msyamboza, mfumu ya ku Chibanzi m'boma la Dowa, ndipo Cullen Young yemwe uja anaimasuliranso. Analembanso za moyo wa abusa a Namon Katengeza. Mbiri ya Achewa inasindikizidwanso mu 1965, Malawi atangolandira ufulu. Mu 1973 inatuluka m'Chingerezi ku Germany, womasulira ali W. S. Kamphandira Jere, ndipo wothirapo ndemanga anali Harry Langworthy, mzungu wa ku America amene anatenga digiri yake yapamwamba pofufuza za ufumu wa Undi womwewu. Ndiye kuti anthu a mayunivesite ankatsamira pa ntchito ya mphunzitsi wa ku Nkhoma. A Ntara anamwalira mu 1976.

Mtsikana uja sanangokopera bukulo. Ndinamutengera kwa agogo ena a m'mudzi mwathu muno, ndipo iwo anafotokoza mosiyanako za chimene Undi anapatukira kwa Kalonga. Anasokonezeka, ati alembe ziti? Tinagwirizana kuti alembe zonse ziwiri, n'kutchula kuti izi zachokera m'buku, izi zachokera kwa agogo. Chondiwawa n'chakuti amalume anga, amene ankadziwa mndandanda wa mafumu a kwathu kuno, tinawaika m'manda zaka ziwiri zapitazo popanda wowafunsa. Loweruka likubwerali tikupitanso kwa agogo aja ndi kope latsopano, poti tsiku lija anatopa nkhani isanathe.