Michael Faraday, mwana wa wosula zitsulo amene anatulukira njira yopangira magetsi

Mapampu amene amakoka madzi m'chigwa cha Nhartanda kuti afike m'mipopi ya mumzinda wa Tete amayendera magetsi. Njira yopangira magetsiwo inatulukiridwa ndi Mngelezi wina amene sukulu sanapite nayo patali, dzina lake Michael Faraday.

Faraday anabadwa pa 22 Seputembala 1791 kufupi ndi London. Bambo ake anali wosula zitsulo wodwaladwala, ndipo pakhomo chakudya chinkaperewera. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira ntchito yomata mabuku kwa George Riebau. Mabuku amene ankamatawo ankawawerenganso, ndipo ndi mmene anadziwira za sayansi.

Mu 1812 anakamvera maphunziro a katswiri wa sayansi Humphry Davy. Analemba bwinobwino zonse zimene anamva, nazimata kukhala buku n'kumutumizira. Chaka chotsatira anamulemba ntchito yothandizira m'chipinda choyeseramo zinthu ku Royal Institution.

Mu 1821 anaonetsa kuti waya wodutsa magetsi amazungulira maginito. Apa ndi pamene panachokera mota yamagetsi, yonga ija ya pachigayo. Mu 1831 anapeza mbali inayo: ukamayendetsa maginito pafupi ndi waya wokulungiza, m'wayamo mumabadwa magetsi. Ku Songo, madzi a Zambezi amazunguza makina asanu a damu la Cahora Bassa motsatira lamulo lomweli, ndipo makinawo amatha kutulutsa mamegawati 2,075.

Mu 1845 anatulukiranso kuti zinthu zina, m'malo mokokedwa, zimakankhidwa pang'ono ndi maginito. Graphite, mwala wakuda wa m'pensulo umene umakumbidwa ku Balama m'chigawo cha Cabo Delgado, ndi chimodzi mwa zinthuzo, ndipo akatswiri akufufuzabe za maginito m'timagawo take topyapyala totchedwa graphene.

Faraday sanafune ulemu. Anakana kukhala mtsogoleri wa bungwe la akatswiri la Royal Society. Boma la Britain litamupempha kuti athandize kupanga mpweya wapoizoni pa nkhondo ya ku Crimea, anakananso. Chimene ankakonda chinali kuphunzitsa ana sayansi nyengo ya Khirisimasi, mwambo umene ukuchitikabe mpaka lero.

Anamwalira pa 25 Ogasiti 1867 ali ndi zaka 75, ndipo anaikidwa m'manda a Highgate ku London.